Positikhadi ya agogo yochokera ku Joni

Pepani ndinasowa, mayeso a ana anandipanikiza.

Loweruka ndinali kumudzi ku Lirangwe kuthandiza amayi kusanja katundu wa malemu agogo aakazi. Pansi pa sutikesi, mkati mwa buku la nyimbo, tinapeza positikhadi. Mbali imodzi kuli chithunzi cha Johannesburg, mbali inayo sitampa ndi chidindo cha 1973. Analemba ndi agogo aamuna ali kumigodi, masiku a Wenela aja, abambo ambiri akukwerera ndege pa Chileka pano. Chaka chotsatira, mu 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi ambiri n'kufa, ndipo Kamuzu analetsa maulendowo. Agogo anabwerako amoyo.

Mawu ake ndi ochepa: “Ndili bwino. Ndalama ndatumiza, mugule mbewu. Ana asajombe kusukulu. Moni kwa onse.” Zilembo zake ndi zoima bwino, zodinda kwambiri moti ukasisita ndi chala umazimva. Chakumapeto zikucheperachepera, malo atayamba kutha.

Poyamba ndinadandaula. Munthu kutha miyezi osaonana ndi mkazi wake, n'kumulembera za mbewu basi? Amayi anaseka. Akuti positikhadi ilibe envelopu, aliyense woigwira amawerenga. Komanso agogo aakazi sankadziwa kuwerenga; ankawawerengera aphunzitsi a pamudzipo, amalume awo ali khutu tcheru. Mawu achikondi akanadutsa pati?

Ndiye anandilozera pakona. Pali kamtengo ka mlambe kojambulidwa ndi bolopeni, pansi pake tianthu tiwiri. “Ndi mlambe wa panjira ya kumtsinje,” anatero amayi, “pamene anafunsirana.” Mawu aja anali a mudzi wonse, koma kamlambeko kanali ka munthu mmodzi, ndipo sikankafuna womuwerengera.

Ine ndaphunzitsa kalembedwe ka kalata zaka zambiri: keyala apa, tsiku apa, malonje apa. Agogo analekezera Sitandade 4, koma anadziwa chomwe ndimaiwala kuuza ana, kuti luso ndi kudziwa amene ukumulembera.

Lolemba ndinapita nayo ku Fomu 3. Ndinagawa timakatoni todula, aliyense alembere munthu mmodzi mizere isanu, popanda kufufuta. Kalasi ya phokoso ija inangoti zii.

Inki yayamba kuzilala. Ndiiike m'felemu pakhoma, kapena ndiibwezere m'buku momwe agogo anaisungira zaka zonsezi? Tandiuzani maganizo anu.