Matambula a m'kabati ndi madzi a pamjigo

Ana anga, inu amene mwakulira m'nyumba za mawindo akuluakulu, mwina simungamvetse kuti kale galasi linali chuma. Kwathu ku Balaka magalasi a m'nyumba unkachita kuwawerenga ndi zala: matambula ochepa a m'kabati amene ankatuluka kukabwera alendo kapena pa Khirisimasi, galasi la nyali, ndi kagalasi kodziyang'anira kopachika pakhoma. Ana tinkamwera m'chikho kapena m'kapu yachitsulo, ndipo tsiku limene amayi akutuma kuti utsuke tambula, unkadziwa kuti akuyamba kukuona ngati munthu wamkulu.

Madzi a dera lathu ndi ovuta, chifukwa pansi pake pali miyala ya laimu, yomweyo imene anthu ankaphwanya ndi kuwotcha kumapiri a Chenkumbi. Mvula ikalowa m'nthaka imasungunula miyalayo pang'onopang'ono n'kutenga mchere wa calcium ndi magnesium, ndipo madzi a pachitsime kapena pamjigo amatuluka nawo. Pamaso amaoneka oyera bwinobwino, koma sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, ndipo pansi pa ketulo pamakakamira zoyera zolimba. Dontho la madzi otere likauma pagalasi, madziwo amapita ndi dzuwa, laimu n'kutsala, mawa dontho lina n'kusiya wake pamwamba pa wadzulo, mpaka tambula imachita mbuu.

Amayi ndi azakhali sankadziwa mayina a mcherewo, koma madzi awo ankawadziwa. Mbale, mapoto ndi zipande zinkauma pathandala, koma tambula sinkagona pamenepo ngakhale kamodzi. Akangoitsukuluza, ankaipukuta nthawi yomweyo ndi kansalu kofewa ka chitenje chakale, kosungidwira ntchito imeneyi yokha, kenako n'kuikweza pakuwala kwa pakhomo, diso limodzi atatsinzina, kuti aone ngati patsala kadontho. Nyengo ya dzinja ankatchera ndowa kunsi kwa malata, poti madzi amvula alibe laimu, ndipo ankatsukuluzira magalasi madzi amenewo. Mlendo ndi mame, ankatero azakhali, ndiye kanthawi kochepa kamene ali pakhomo pako asamwere m'chinthu chochititsa manyazi.

Zikakanika, mankhwala ake anali kuseri kwa nyumba. Ankathyola ndimu, kuidula pakati, n'kukhula nayo tambula mkati ndi kunja mpaka khitchini yonse kununkhira, kenako n'kuisiya kanthawi osaitsuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuwawasa kwa ndimu ndi kumene kumasungunula laimu, ndipo kumafuna nthawi, osati mphamvu za dzanja. Mandimu akasowa, ankaviika bwemba m'madzi ofunda, n'kumiza tambula m'madzi owawasawo. Phulusa losefa bwino linali ndi ntchito yakeyake, yochotsa mafuta ndi mwaye pagalasi la nyali, limene tinkalipukuta madzulo aliwonse ndi nyuzipepala yakale, zala zikununkha parafini. Mchenga wokwechera mapoto sunkayandikira galasi ngakhale pang'ono.

Lero mijigo ili ponseponse, ndipo ine amene ndinaona amayi akulawirira kudambo tambala asanalire, ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mijigoyo. Magalasi nawo achuluka, m'mawindo, m'mabafa, pamagalimoto. Chimene chimandimvetsa chisoni n'kuona mwana akukapiza zenera ndi madzi a pamjigo dzuwa lili paliwombo, n'kulisiya kuti liume lokha, ndiye likachita mawanga, n'kulikwecha ndi waya wotsukira mapoto, galasi n'kudzaza mikwingwirima imene sidzachokanso.

Pomwe zofunika n'zochepa, ana anga. Tsukani mawindo m'mawa kapena chakumadzulo galasi lisanatenthe, ndipo mulipukute lisanaume. Ngati mawanga alipo kale, sakanizani viniga woyera ndi madzi ofunda muyezo wofanana, kapena finyani mandimu, nyowetsani nsalu n'kuiphimba pamenepo kwa mphindi 10 kapena 15, kenako tsukuluzani ndi kupukuta. Mawanga okhalitsa amafuna kubwereza kangapo. Koma m'mera mpoyamba: laimu akakhala zaka pagalasi, dzuwa likuwomba, galasilo limadyeka, ndipo likafika pamenepo palibe ndimu kapena viniga amene angalibwezeretse, kwatsala n'kugula lina basi.