Buleki ya reel ndi sikelo yanga ya nyemba

Azibambo ambiri akamagula reel amayamba ayang'ana nambala yolembedwa pabokosi: max drag 8 kg, max drag 10 kg. Nambalayo ikakula, mtengo nawo umakwera, ndipo wogula amachoka akumwetulira ngati wagula ng'ombe. Ine ndimagulitsa mbedza, zingwe ndi mareel a kaunjika mumsika wa Limbe, pambali pa nyemba ndi mpunga, ndiye nkhani ya nambalayi ndimakumana nayo pafupifupi sabata iliyonse.

Kwa anzanga amene simuwedza, drag ndi buleki ya reel. Nsomba ikakoka mwamphamvu, bulekiyo imalola chingwe kutuluka pang'onopang'ono kuti chisaduke. Mukaimanga kwambiri, chingwe chimaduka kapena mbedza imang'amba mlomo wa nsomba. Mukaimasula kwambiri, mbedza siilowa bwino ndipo nsomba imakokera chingwe m'zitsa.

Amene amafunsa kwambiri za buleki ndi owedza bass m'madamu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Nsomba imeneyi si yakuno, kwawo ndi ku North America. Bass ziwiri zodziwika pa dziko lonse chifukwa cha kukula, ya George Perry ku Georgia mu 1932 ndi ya Manabu Kurita ku nyanja ya Biwa ku Japan mu 2009, iliyonse inangopitirira pang'ono makilogalamu 10. Zomwe amabwera kudzandionetsa pafoni makasitomala anga zimakhala za kilogalamu imodzi, zikakula awiri. Komanso nsomba ikakhala m'madzi simuinyamula ayi, madzi ndi amene amainyamula. Chimene mumalimbana nacho ndi liwiro lake pothawa.

Nchifukwa chake buleki imayenderana ndi mphamvu ya chingwe. Odziwa kuwedza amaiika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, mwina atatu, a mphamvu imene chingwe chimadukira. Chingwe cholembedwa 10 lb chimaduka pa makilogalamu pafupifupi 4.5, ndiye buleki yake ikhale pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka. Cha 20 lb, makilogalamu awiri kapena atatu basi. Mphamvu yotsalayo ndi yosungira: mfundo yomangira mbedza imafooketsa chingwe, miyala ndi zitsa zimachipala, ndipo bass imakonda kudumpha ndi kupukusa mutu pamene mwaiyandikitsa kumtunda.

Apa ndi pamene sikelo yanga yopachika, yoyezera nyemba ija, imagwira ntchito yachiwiri. Ndimamanga chingwe ku ngowe ya sikelo, kasitomala agwire reel, ine ndikoke. Pamene chingwe chayamba kutuluka, timawerenga nambala. Ambiri amadabwa. Bambo wina wachikulire anagwira chingwecho n'kundiuza kuti, "Mayi, izitu zalephera, nsomba yanga ithawa." Ndinati, "Bambo, takokaninso, koma mokoka ngati nsomba." Atakoka modzidzimutsa, reel inalira, chingwe chinatuluka osaduka. Anangoti, "Eti eti," n'kulipira.

Kunyumba kopanda sikelo, botolo la madzi la lita imodzi ndi theka limalemera kilogalamu imodzi ndi theka. Limangeni kuchingwe, mulikweze pang'onopang'ono kuchokera pa reel. Chingwe chikayamba kutuluka botolo likungonyamuka pansi, ndiye kuti buleki yafika pa muyezo wa chingwe cha 10 lb.

Pali nthawi zosintha ndithu. Pa udzu wambiri kapena namasupuni, anthu amagwiritsa ntchito chingwe choluka cholimba, monga cha 50 lb, n'kumanga buleki kuti atulutse nsomba isanadzikulunge. Ndi nyambo zapulasitiki zokhala ndi timbedza titatu tating'ono, amamasulako chifukwa timbedzato timang'amba msanga. Nsomba ikathawa kutali n'kutulutsa chingwe chambiri, buleki imalimba yokha, ndiye si nthawi yoimanganso. Mukaweruka, masulani buleki yonse kuti mawashala am'kati asaphwanyike.

Mnzanga wa benchi yoyandikana nane amandiseka kuti ndimathamangitsa ndalama. Akunena zoona mbali ina. Reel ya nambala yaikulu ili ndi phindu lochuluka, ndipo masiku ano fizi ya ana siidikira munthu. Koma amene wagula reel yodula n'kudula chingwe tsiku loyamba amabwera ndi mkwiyo, amati katundu wanga ndi wachinyengo, ndipo anzake onse akudamu amamva. Amene ndamuyezera pa sikelo amabweranso kudzagula mbedza, n'kutengako nyemba za kunyumba.

Mukamasankha reel, kokani chingwe ndi dzanja mumve ngati chikutuluka mosalala, mosagwiragwira. Pa bass, reel yotero ya makilogalamu 4 kapena 5 yakwana.