Kumvera kwa Abusa a ku Aasvoëlkop

Liwu loti kumvera tinakula nalo ife ana a Sinodi ya Nkhoma, ndipo sitinkalifunsa kumene likuchokera. Linali m'katekisimu, linali pakamwa pa akulu a mpingo, linalinso pa ngodya zinayi za boma la Kamuzu, pakati pa umodzi, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Ngakhale malo amene amishoni a Dutch Reformed Church, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamangapo misasa yawo mu 1889 dzina lake ndi Mvera, ngati kuti phirilo likulamula aliyense wodutsa. Kwa ife kumvera kunali kuweramitsa mutu ndi kutseka pakamwa.

Kuno ku Johannesburg ndiko ndinakumana ndi liwu lomweli litavala nkhope ina. Msewu wa Beyers Naudé, umene kale unkatchedwa dzina la D.F. Malan, umadutsa ku Northcliff, dera limene azimayi ambiri a kwathu amakolopa m'nyumba za eni chuma. Kumeneko kuli tchalitchi cha Aasvoëlkop, cha mpingo womwewo umene unatibala ife ku Mvera ndi ku Nkhoma. Mu September 1963 mbusa wake, Beyers Naudé, anakwera pa gome n'kulalikira kuchokera pa Machitidwe 5:29, pamene atumwi akuuza akulu a bwalo kuti lamulo la Mulungu liposa la anthu. Ulalikiwo unali wotsanzikira udindo.

Tisachepetse zimene munthuyu ankasiya. Bambo ake anali mmodzi wa oyambitsa Broederbond, gulu lachinsinsi la Maafirikana limene linkagwira chiwongolero cha boma ndi mpingo womwe. Iye mwini anali membala wake, ndipo chaka chomwecho anali atangosankhidwa kukhala mtsogoleri wa sinodi ya Southern Transvaal. Koma imfa za anthu 69 ku Sharpeville mu 1960 ndi msonkhano wa mipingo wa ku Cottesloe kumapeto kwa chakacho zinali zitamusautsa mumtima. Mpingo utamuuza kuti asankhe pakati pa ubusa ndi bungwe la Christian Institute, limene linkasonkhanitsa akhristu a mitundu yonse, anasankha bungwelo, navula mkanjo.

Chimene chimandigwira mtima si kulimba kwa tsiku limodzilo ayi, pakuti munthu aliyense atha kuyaka ngati moto wa mapesi. Ndi zaka zotsatirazo. Anzawo a ubwana anayamba kuwazemba pamsewu, mtundu wawo unawatcha wopereka abale. Mu October 1977 boma linatseka bungwe lija, iwo n'kuwaika pa chiletso mpaka 1984: osatuluka m'boma la Johannesburg, osacheza ndi anthu oposa mmodzi nthawi imodzi, mawu awo osasindikizidwa paliponse. Taganizani mlaliki woletsedwa khamu! Ndipo mtengo wake sanaulipire okha. Mayi Ilse, akazi awo, sanakwere pa gome tsiku lija, komabe anasenza nawo manyazi, kusowa ndi kusungulumwa. Apa ndipo pamandivuta, ndipo alaliki athu amapadumpha msanga: nsembe ya wophunzira wa Khristu nthawi zambiri imawotcha ndi zala za amene sanafunsidwe. Ndaziona kwa amayi a kwathu otsala pamudzi amuna awo atati aitanidwa, ndipo sindikhulupirira kuti kuitanidwa kulikonse n'kochokera kumwamba.

Nanga tingasiyanitse bwanji? Chichewa chathu chimatithandizako pang'ono, chifukwa kumvera kumaphuka pa tsinde la kumva. Abusa Naudé anayamba ndi kumva. Anapita kumakomboni, nakhala pansi pamaso pa abusa achikuda amene mpingo wawo unkawayesa ana, namva zimene malamulo a mapasi ankachita m'mabanja. Mu 1980 analowa mpingo wa anthu akuda ku Alexandra ngati mkhristu wamba, ndipo chiletso chitatha anatenga malo a Desmond Tutu ngati mlembi wamkulu wa South African Council of Churches. Kumvera kwawo kunawatsitsa pansi, kufupi ndi ozunzika. Kumvera kumene ife tinaphunzitsidwa kunkakweza a pamwamba okhaokha, ndipo n'chifukwa chake mwina maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 March 1992, sinodi yathu inali yozengereza kuima nawo.

Abusawa anamwalira pa 7 September 2004. Mwambo wa maliro unachitikira ku Aasvoëlkop komwe kuja, Pulezidenti Thabo Mbeki ali pomwepo, koma phulusa lawo linakamwazidwa ku Alexandra. Patangopita zaka zosakwana zinayi, mu May 2008, m'misewu ya Alexandra yomweyo ndimo munayambira zipolowe zothamangitsa alendo, zimene zinapha anthu 62 m'dziko lonseli. Abale athu ambiri anagona m'maholo a matchalitchi ndi pa mabwalo a polisi m'nyengo yozizira ija, kudikira mabasi obwerera ku Blantyre.