Chaka Chimodzi ndi Kandege Kanga

Bambo Mkonzi, ndipatseniko malo pang'ono m'nyuzi yathuyi kuti ndisimbire abale anga a pa migodi za chinthu chimene chandidyera masiku a Lamulungu chaka chathunthu. Ndidziwa kuti ena mukangomva museka, nimudzati, "Mabalani uja wapenga, munthu wandebvu kumasewera ndi zidole." Sekani ndithu, koma muyambe mwamva.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, ndipo sukulu yanga yonse ndi ija ya Mishoni ya ku Mlanda. Kuno ku Cape Town kulibe migodi ya golide monga ku Joni, koma kuli migodi ya miyala ya kwale, ndipo pa umodzi wa iyo, ku mapiri a ku Durbanville, ndi pamene ndigwira nchito ya ukalaliki. Ndimayeza magalimoto pa sikelo, polowa opanda kanthu ndi potuluka atasenza, ndi kulemba matikiti. Ndigona ku Dunoon, kumene Amalawi tilipo ambiri.

Tsiku lina Lamulungu, mwezi wa September 2023, ndinakwera basi ya MyCiTi kukaona mbale wanga ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay. Titadya nsima tinati tiongoleko miyendo, ndipo tinatsata mseu wa Chapman's Peak, umene anausema m'mbali mwa phiri pamwamba pa nyanja. Titayenda ndithu tinapeza amuna angapo ataimirira m'mphepete mwa phompho, aliyense atagwira kabokosi pa chifuwa, maso ali kumwamba. Nditayang'ana kumene iwo anali kuyang'ana ndinaona tindege tinai tikuyandama, kupita uku ndi kubwerera uku, popanda phokoso ngakhale pang'ono. Ndinafunafuna injini, osaiona.

Pomwepo mtima unandibwezera kwathu. Ndili mwana, poweta mbuzi, ndinkagona chagada pa thanthwe kupenyerera akhungubwe ndi akabawi atatambasula mapiko, osakupiza konse, komanso osagwa. Ndinafunsa amalume chimene chimawagwira. Iwo anati ndi nzeru za Mlengi, ndipo kuti ndithamange pakuti mbuzi zalowa m'munda wa eni.

Yankho lake ndinalipeza pa phompho lija, kwa mkulu wina waimvi amene anzao onse amawaitana Oom, ndiko kunena amalume m'chinenero cha Afrikaans. Anagwira nchito ya ufitala pa doko kufikira atapuma. Atandiona nditayasama kukamwa anandikodola, nandifotokozera motere: mphepo ikachokera ku nyanja nigunda phiri, ilibe kolowera, tsono imakwera. Kandege kopanda injini, kamene amakatcha glider, kamakhala kakutsika nthawi zonse pang'onopang'ono. Koma ngati mpweya umene kalimo ukukwera msanga kuposa m'mene iko kakutsikira, ndiye kamakwera nao. Anati ziri ngati munthu wotsika pa makwerero oyenda okha aja a m'masitolo akulu, pamene makwererowo alinkupita kumwamba. Kabokosi ka pa chifuwa ndi wailesi yokhala ndi timitengo tiwiri. M'mimba mwa kandege muli kolandirira, kabatire, ndi timakina totchedwa servo, timene timakoka tizitseko ta kumbuyo kwa mapiko. Ukapendeketsa kamtengo, kandege kamapendekeka. Oom anati kale, pamene mawailesi anali a 35 MHz, anthu awiri akayatsa pa nambala imodzi ndege ya mmodzi inkagwa, kotero munthu ankayamba watenga chizindikiro cha nambala yake pa bolodi asanayatse. A masiku ano ndi a 2.4 GHz, ndipo wailesi iriyonse imadziwana ndi ndege yake yokha.

Sindidzachulukitsa za m'mene ndinakodwera. Mwezi usanathe Oom anandigulitsa kandege kao kakale ka fomu, phiko lokhalokha lopanda mchira, lodzala ndi zigamba za tepi, pamodzi ndi wailesi yake, pa mtengo wa R1,500 umene ndinalipira pa malipiro atatu. Ndinalembetsanso ku bungwe la South African Model Aircraft Association, pakuti ndilo likutchinjiriza ndi inshuwalansi ngati kandege kako kabvulaza munthu kapena kuswa galasi la galimoto ya wina. Kumudzi sindinauze munthu aliyense. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ma rand amene ndinkatumiza anaoneka ngati achuluka. Ndinadzitonthoza nazo zimenezo, ngakhale ndinkadziwa bwino kuti mtengo wa feteleza ndi wa sopo unali kuthamanga moposa.

Amene simunafike kuno muyenera kudziwa kuti mphepo za ku Cape Town ziri ziwiri. Kuyambira November kufikira March kumaomba ya kummwera chakummawa, imene amaitcha Cape Doctor, yamphamvu yokhoza kukuchotsa chipewa ndi kusasula malata, ndipo ndiyo imayala mtambo woyera pamwamba pa Table Mountain. Ikaomba imeneyo ku Chapman's Peak kulibe nchito, pakuti imadzera kumbuyo kwa phiri. Tsono Oom ankanditenga pa galimoto yao ya bakkie kupita ku Red Hill, pamwamba pa Simon's Town, kuyang'anana ndi nyanja ya False Bay. Kumeneko ndiko ndinaphunzira. Analumikiza wailesi yanga ndi yao ndi chingwe, kotero kuti ndikasokoneza iwo ankangochotsa chala pa batani, kandege n'kubwerera m'manja mwao.

Ukalaliki suchoka m'magazi. Ndinagula buku la chikuto cholimba nindilemba ulendo uliwonse: tsiku, malo, mphepo, mphindi zingati m'mwamba, ndi m'mene kanaterera. Bukulo linena kuti m'miyezi itatu yoyamba ndinagwetsa kandege ka 19, ndipo pafupifupi ponse chifukwa chinali mantha. Munthu ukaona kandege kakutsika, dzanja limakoka lokha kamtengo kuti mphuno ikwere. Koma mphuno ikakwera liwiro limatha, ndipo liwiro likatha phiko siligwiranso mpweya. Kandege kamaima kaye ngati kakuganiza, kenaka n'kugwa ngati nkhuku yoponyedwa kuchokera pa denga. Oom ankapfuula, "Mphuno pansi, mwana wanga, mphuno pansi!" Ine mumtima ndinkati, mkuluyu akuti ndiloze pansi pomwe ndikuopapo? Zinanditengera masabata kuti dzanja libvomere chimene mutu unamva tsiku loyamba.

Bvuto lachiwiri ndi lochititsa manyazi. Kandege kakamachoka kwa iwe, dzanja lake lamanja ndi lako lamanja. Kakatembenuka kumabwera, zonse zatembenuka. Ndinakalowetsa m'chitsamba chaminga katatu chifukwa cha zimenezi, ndipo kamodzi ndinakaombetsa pa mawondo anga omwe, amuna onse aja n'kuseka mpaka misozi. Lachitatu ndi lakuti sutembenukira ku phiri. Nthawi zonse umatembenukira kunja, kumene kukuchokera mphepo, pakuti kuseri kwa msana wa phiri mpweya umagubuduzika ngati madzi a pansi pa mathithi, ndipo ukagwira kandege umakamenyetsa pansi. Ndinaphunziranso kukayeza pa nsonga za zala ziwiri, pa madontho amene Oom anaika pansi pa phiko. Kakalemera kumbuyo sikamvera munthu. Tsiku lina mtobvu wa kumphuno utatayika m'tchire ndinamatapo makobidi awiri a R5, ndipo kanauluka bwino lomwe.

Pa 11 February 2024 Oom anazula chingwe osandiuza. Ndinauluka mphindi 22 ndekha, nindikatereza pa udzu mapazi khumi kuchokera pamene ndinaima. Usiku wake anzanga ku Dunoon anali kukangana za mpira wa Ivory Coast ndi Nigeria, ine zala zinali kugwedezabe timitengo tosaoneka.

Tsono ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Mu March mai anandisiyira mau pa foni. Anati, "Mwananga, mvula inadula chimanga chiri m'mawondo, ndipo chapserera. Chaka chino nkhokwe sitiitsegula." Mwezi womwewo boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha chilala. Abale anga, sabata yomweyo ine ndinali nditapereka chikole cha R800 kwa munthu wina pa kandege kena kokongola kothamanga. Ndinamvera mau a mai kawiri, ndiri chikhalire pa bedi, phiko liri pa khoma kundiyang'ana. Mmawa ndinapita kukapempha chikole changa, munthuyo anandibwezera mosabvuta, ndipo ndinaonjezapo zina n'kutumiza pa Mukuru. Phiko ndinalilowetsa pansi pa bedi. Mafoni a Oom sindinayankhe masabata asanu ndi awiri.

Lamulungu lina ndinamva ana akupfuula panja kuti kwabwera mkulu wofuna "Mmalawi wa kandege." Anali Oom, atayenda khomo ndi khomo. Ndinawakhazika pa kreti, ndinawaphikira tiyi, nindiwauza zonse. Anamwa tiyi wao mpaka kutha osayankha. Pamenepo anati, "Ndarama tumiza kwanu, zimenezo ndizo zoyamba, ndipo ukagulanso kanthu mai ako asanadye ine ndemwe ndidzakuthamangitsa pa phiri. Koma phiko uli nalo kale, ndipo mphepo sagulitsa." Anati mawondo a madala onse aja anatha, ndipo kandege kakagwera kunsi kwa phompho amasowa wokatenga. Tinapangana kuti ine ndizitsika kukatola tindege tao, iwo azindilipirira petulo, tepi ndi guluu.

Sindinena kuti pamenepo mlandu wanga unatha. R1,500 ija ikadakhala chimanga, ndipo ndikaiwerenga m'buku mpaka lero imandiluma. Koma ndinenanso ichi: masabata asanu ndi awiri aja ndinawathera m'kachipinda ka malata, kuwerenga ngongole ndi kumvera wailesi ya mnansi, ndipo palibe tambala imodzi imene inaonjezeka pa zimene ndinatumiza. Amene mwakhala m'komponi mudziwa chimene tsiku la Lamulungu lopanda chochita limachita ndi munthu wa kutali ndi kwao.

Nyengo yozizira inadza ndi mphepo yachiwiri, ya kumpoto chakumadzulo, yobwera ndi mvula, ndipo tinabwerera ku Chapman's Peak. Pa 10 June 2024 inamveka mbiri yoti ndege ya asilikali imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lathu, Dr Saulos Chilima, yasowa pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu nyengo itaipa. Mmawa mwake inapezeka m'nkhalango ya Chikangawa, anthu onse 9 atamwalira. Anzanga anadzaza pa khomo langa kuti, "Iwe wa ndege, tatiuza." Ndinawauza chimene ndinaona ndi maso anga: kuti pa phiri nkhungu imadza osaodira, ndipo tsiku lina inameza kandege kanga ndisanawerenge mpaka zisanu, osadziwanso kumene kwaloza mphuno. Tinakhala chete nthawi yaitali usiku umenewo.

Kandege kanga sikanatayike ndi nkhungu. Kanatayika ndi ine mwini, mu August, tsiku la mphepo yabwino koposa. Pofulumira sindinayeze kabatire monga Oom anandiphunzitsira. Patapita mphindi zisanu ndinapendeketsa kamtengo, osamva. Ndinapendeketsanso, zii. Ndipo popeza ndinali nditakalinganiza bwino ndi manja anga, kanauluka moongoka ndithu, kulunjika ku phiri la Sentinel kutsidya kwa nyanja, kumachepa, kumatsika, mpaka kanakhala pa madzi ngati kadontho koyera. Palibe anaseka. M'buku ndinalemba, "Ulendo wa 87. Sikanabwerere."

Kamene ndiri nako tsopano ndinakapanga ndekha ndi fomu yotayidwa ya m'katoni ya firiji. Oom anandionetsa kudula ndi waya wotentha, nandipatsa ma servo awiri akale. Kolandirira ndi kabatire ndinagula ndi ndarama za ovataimu, nditatumiza kale za kumudzi. Si kokongola, phiko limodzi ndi lonenepa pang'ono, koma mu September kanauluka.

Pamenepo ndinalimba mtima kuulula kwathu. Ndinaimba foni ya kanema ndiri pa phiri, ndipo mlongo wanga anaipereka kwa agogo amuna. Agogowa anapita ku migodi ndi Wenela, anakwera ndege pa Chileka mpaka Francistown, kenaka sitima mpaka Joni. Anali ku mgodi pa 4 April 1974, pamene ndege yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown chifukwa petulo wake anasakanikirana ndi mafuta a ndege za mtundu wina. Anafa anthu 78, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi a pa migodi. Dr Banda analetsa kulemba anthu, agogo anabwera kumudzi osabwereranso, ndipo chiyambire sindinawamve akunena zabwino za ndege. Ndinaponya kandege, Oom atandigwirira foni. Agogo anayang'ana nthawi yaitali.

"Muli munthu m'menemo?"

"Iai, agogo."

"Nanga mafuta umathira otani?"

"Palibe mafuta, agogo. Ndi mphepo yokha."

Anakhalanso chete. Kenaka anati, "Ukamabwera udzakatenge. Phiri la kuseri kwa nyumba lija, mphepo yake ndiidziwa ine." Kumbuyo kwao ndinamva mai akuti ndisaiwalenso shuga.

Ndine wanu,
Mabalani wa ku Dunoon, Cape Town.