Diso la Kamera Linena Zaka Zake

Mbusa akafuna kudziwa zaka za mbuzi yake safunsa munthu ayi. Angoikanula kukamwa, nayang'ana mano, ndipo manowo amuuza ngati mbuziyo ili yaing'ono kapena yokalamba. Zinthu zopangidwa ndi anthu nazonso zili ndi zizindikiro zotere, koma zifuna munthu wodziwa kuziwerenga. Tamvani, ananu, za mnyamata wina amene anaphunzira kuwerenga zaka za diso la kamera.

Mnyamatayo anali kukhala ndi agogo ake aakazi, pakuti agogo aamuna anamwalira iye ali khanda. M'bokosi la zovala munali kanthu kozungulira, kokulungidwa m'kansalu kakale. Kunja kwake kunali kwachitsulo, ndipo pakati pake panali magalasi oonekera ngati madzi a pakasupe. Kanthu kotere anthu akatcha diso la kamera, ena ati lenzi. Ntchito yake ndiyo kusonkhanitsa kuwala kochokera ku chinthu chimene chijambulidwa, ndi kukulowetsa m'kati mwa kamera, kuti chithunzi chioneke bwino. Kamera yake inaonongeka kalekale, koma disolo linatsala.

Anthu a pamudzi anali kunena kuti mkuluyo anabwera nalo kuchokera ku nkhondo. Zoonadi iye anali msilikali wa King's African Rifles, ndipo m'chaka cha 1944 anapita ku Burma pamodzi ndi anzake ambiri a ku Nyasaland. Chifukwa chake mnyamata anali kunyada nalo disolo, nauza anzake onse a kusukulu kuti, "Diso ili linaona nkhondo."

Tsiku lina anapita nalo kutauni, kwa mkulu wina wokonza makamera ndi mawotchi. Atapereka moni, analitula ndi manja awiri, nati, "Bambo, ndifuna mundiuze zaka za diso ili." Mkuluyo sanafulumire kuyankha. Analipukuta ndi kansalu kofewa, nalitembenuza uku ndi uku, nati, "Khala pansi, mwana wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tidzalifunsa mafunso atatu, ndipo lidzatiyankha lokha."

Funso loyamba linali la dzina. Pa mkombero wa galasi panali timalemba toyera tating'ono, ndipo mnyamata anawerenga kuti Kodak Ektar. Mkulu anamuuza kuti Kodak ndiyo kampani ya ku Rochester, m'dziko la America, imene anaiyambitsa George Eastman, ndi kuti kamera yoyamba ya dzina limeneli inagulitsidwa m'chaka cha 1888. Panalinso nambala 127, ndiyo muyeso wa disolo m'mamilimita. Tsono anadziwa kwawo kwa diso, koma zaka zake anali asanazidziwe.

Funso lachiwiri linali la maonekedwe a galasi. Mkulu analipendeketsa pa kuwala kwa pazenera, ndipo mnyamata anaona kuti linyezimira mobiriwira pang'ono. Kunyezimirako kuchokera ku mankhwala opyapyala kwambiri amene opanga amakuta nawo galasi, kuti kuwala kusabwerere kumbuyo koma kupyole bwino. Njira imeneyi anaipeza Alexander Smakula m'chaka cha 1935, pogwira ntchito ku kampani ya Carl Zeiss mu mzinda wa Jena, ku Germany. Magalasi akale kwambiri analibe mankhwalawa. Pa maso awo okutidwa chotero a Kodak anali kulembapo L m'kati mwa kamzere kozungulira, ndipo chizindikirocho chinalipo pa diso la mnyamata. Mkulu anati, "Taona, diso ili silakale monga akalambira ena."

Funso lachitatu ndilo linatha mlandu. Patsogolo pa nambala ya diso panali malemba awiri, R ndi M. Mkulu anatenga pensulo, nalemba liwu ili: CAMEROSITY. Liwuli lili ndi malemba khumi, ndipo palibe lemba limene libwera kawiri. Kuyambira cha m'ma 1940 a Kodak a ku America anali kubisa chaka m'malemba amenewa, lemba lililonse liimira nambala yake, motere:

C 1, A 2, M 3, E 4, R 5, O 6, S 7, I 8, T 9, Y 0.

"Werenga wekha," anatero mkulu. Mnyamata analoza ndi chala, nati, "R ndiye 5, M ndiye 3. Ndiye kuti 53." Mkulu anavomera, nati, "Wakhoza. Diso ili linapangidwa m'chaka cha 1953."

Pamenepo mnyamata anakhala chete, pakuti anali kudziwa masamu. Nkhondo inatha m'chaka cha 1945, ndipo kuchokera 1945 kufikira 1953 pali zaka 8. Diso limene linali lisanapangidwe silikadatha kuona nkhondo. Misozi inalengeza m'maso mwake, nafunsa, "Kodi agogo anga anali abodza?" Mkulu anayankha, "Usaweruze munthu msanga. Malemba awa atiuza chaka chimene diso linapangidwa, koma satiuza amene anayambitsa mbiri ija. Kodi unamva mawu amenewo m'kamwa mwa agogo ako?" Mnyamata anati, "Iyayi, bambo, ndinamva kwa anthu."

Madzulo ake anakhala pamphasa pafupi ndi agogo aakazi, nawafotokozera zonse. Agogowo anaseka, nati, "Mdzukulu wanga, safunsa anadya phula. Ku nkhondo agogo ako anabwerako ndi bulangete ndi nsapato, koma kamera analibe. Zitapita zaka zingapo anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, monga anali kuchitira amuna ambiri masiku amenewo. Kumeneko analowa ntchito kwa munthu wojambula zithunzi. Poyamba anali kusesa ndi kunyamula katundu, koma pambuyo pake anaphunzira kujambula ndi kutsuka zithunzi. Pobwera kuno anagula kamera yakale kwa bwana wakeyo ndi ndalama za thukuta lake. Ndi kamera imeneyo anali kujambula maukwati m'midzi yonse ino, ndipo ndalama zake zinaphunzitsa amayi ako sukulu."

Atatero anatulutsa chithunzi chimene chinali pansi pa zovala. Pa chithunzipo panali kamtsikana koimirira pakhomo pa nyumba, katanyamula sileti. Mnyamata anakayang'anitsitsa, nazindikira nkhope ya amake. Tsono anadziwa kuti diso lija silinaone nkhondo, koma linaona amake ali mwana.

M'mawa mwake kunali kovuta, pakuti anayenera kukakumana ndi anzake amene anawauza mbiri yolakwa. Akadatha kukhala chete, ndipo palibe akadadziwa. Koma iye anawaitana pa nthawi yopuma, nati, "Zija ndinakuuzani sizinali zoona. Ndinanena ndisanafunse." Ena anamuseka. Koma atalemba liwu lija pa mchenga ndi kuwaonetsa mawerengedwe ake, onse anamuzungulira, nayamba kupikisana posandutsa malemba kukhala zaka.

Si onse opanga maso a kamera amene anatsata njira ya Kodak. Pa maso ambiri opangidwa ku Soviet Union, manambala awiri oyamba ndiwo anena chaka poyera, osabisa. Makampani ena anangolemba manambala otsatana, ndipo wofuna chaka ayenera kuyang'ana m'mabuku momwe manambalawo anasungidwa. Koma lamulo lili limodzi: yambani mwaona dzina, muonenso maonekedwe, muwerenge nambala, ndipo pamene chinthu chaleka kuyankha, funsani akulu amene anali nacho.

Tsono yesani inunso pa masileti anu. Diso lina lili ndi malemba E ndi O, lina E ndi T, lina R ndi Y. Kodi lililonse linapangidwa chaka chiti? Nanga lalikulu mwa atatuwa ndi liti?