Utsi Wabuluu wa ku Katlehong

M'mwezi wa June ku Katlehong kumacha mochedwa. Derali lili pamalo okwera, mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho usiku chisanu chimagwa n'kuyeretsa udzu wa m'mbali mwa misewu ngati wawazidwa ufa. Isanakwane 5 koloko anthu amakhala atatuluka kale m'mipanda yawo, atadzikuta majasi ndi zipewa za ubweya, kuthamangira ku mafakitale a ku Alrode, Wadeville ndi Roodekop. Utsi wa mbaula za malasha umayala pamwamba pa madenga. Pansi pake pamayenda utsi wina umene ozolowera amauzindikira ndi mphuno: utsi wabuluu wotuluka ku ekizozi za galimoto zazing'ono zimene zangolizidwa kumene. Umenewu ndi oyilo amene akupsa pamodzi ndi petulo, ndipo kwa mabanja ambiri a kuno ndi ndalama ya ufa imene ikuthera m'mwamba.

Katlehong ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera chakum'mawa kwa Johannesburg. Idakhazikitsidwa mu 1945, ndipo dzina lake m'Chisutu limatanthauza malo a chipambano. Kalembera wa 2011 adapezamo anthu oposa 400,000. Pamodzi ndi Thokoza ndi Vosloorus imapanga dera lotchedwa Kathorus, kumene anthu ochuluka adaphedwa pa ziwawa za ndale pakati pa 1990 ndi 1994. Kuyambira mu 2000 ili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni. Maboma a azungu ankamanga malokeshoni otere kutali ndi kumene kuli ntchito, sitolo zikuluzikulu ndi maofesi, ndipo mtunda umenewo sudafupike ngakhale tsankho lidatha. N'chifukwa chake kuno mayendedwe ndiwo moyo.

Amalawi si alendo a dzulo ku East Rand. Agogo awo adabwera ndi Wenela kudzakumba golide, ndipo lero zidzukulu zikusoka zovala, kumanga nyumba, kusamalira maluwa m'mipanda ya anthu ndi kukonza galimoto. Mu September 2019, ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zidathamangitsira mazana a iwo m'maholo a ku Katlehong komweko, pamodzi ndi anzawo a ku Mozambique ndi Zimbabwe. Kwa munthu wokhala moyo wosakhazikika wotere, kagalimoto kogula pa kaunjika ndiko banki yake. Kamanyamula ana a sukulu m'mawa, masana kamapita kukapikula ndiwo zamasamba, ndipo tsiku lobwerera kumudzi ndiko kadzaonetse abale kuti ku Joni sadapite kukasewera.

Injini imaimba ng'oma

Galimoto zambiri za m'misewu ya kuno zidaona zaka. Kampani ya Toyota idasiya kupanga Tazz mu 2006, ndipo Volkswagen idatseka Citi Golf mu 2009, koma zonsezi zikuyendabe, zina zitadutsa m'manja mwa eni anayi kapena asanu. Zimayenda chifukwa cha amakaniko a m'mipanda. Pafupifupi m'chigawo chilichonse muli bwalo lodetsedwa ndi girisi, pamene pali injini yolendewera pa unyolo ndi galimoto yokhazikidwa pa njerwa, ikudikira kuti mwini wake apeze ndalama.

Nkhani imene eni galimotozi amabwera nayo imafanana. Galimoto inali kuyenda bwinobwino pa msewu wa N3, kenaka idamveka kugogoda, mphamvu idatha, ndipo idazima osalirakonso. Amati yafa mwadzidzidzi. Akuluakulu adanena kuti chakudza sichiimba ng'oma, koma pa nkhani ya injini mwambiwu sugwira kwenikweni. Injini imaimba ng'oma kwa miyezi isanafe. Vuto ndi lakuti ng'omayo imamveka kwa okhawo amene adaphunzira kuimvetsera.

M'kati mwa injini zitsulo zimazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimazilekanitsa kuti zisakhudzane ndi oyilo wopyapyala kuposa tsitsi. Oyiloyo amafewetsa, amaziziritsa ndiponso amatsuka zinyalala. Galimoto yaing'ono imasunga malita pafupifupi anayi okha. Akachepa kwambiri, pampu imayamba kukoka mpweya, mabering'i amauma, amatentha n'kusungunuka, ndipo m'kanthawi kochepa injini imanoka. Nthawi zina chitsulo chogwira pisitoni chimathyoka n'kuboola injini m'mbali. Apa ndiye kuti pafunika injini ina, ndipo mtengo wake umatha kuyandikira mtengo wa galimoto yonse yakaleyo.

Oyilo amathawira njira ziwiri. Yoyamba ndi kudontha, pamene magasiketi ndi malabala otsekera auma ndi ukalamba. Umboni wake ndi banga lakuda pamalo pamene galimoto idagona. Yachiwiri ndiyo yobisika: mphete za mapisitoni zikaperepeseka kapena zikamatirira ndi mwaye, kapena timalabala ta mavavu tikalimba, oyilo amalowa m'chipinda choyakira petulo n'kupsa. Pansi sipaoneka dontho, koma m'injini akutha. Mtundu wa utsi umanena zambiri. Wabuluu ndi oyilo. Wakuda ndi mafuta ochuluka kuposa mpweya. Woyera m'mawa wozizira ndi nthunzi chabe, koma ukapitirira injini itatentha ndiye kuti madzi a mu rediyeta akulowa kumene sakuyenera.

Moyo wa ku Katlehong umafulumizitsa zonsezi. Maulendo ambiri ndi afupiafupi, kuima ndi kunyamuka, kuchoka ku sukulu kupita ku renki. M'nyengo yozizira injini yoyenda motere sitentha mokwanira, choncho chinyezi ndi petulo zimasakanikirana ndi oyilo mpaka amasanduka phala lakuda lotseka tinjira take. Mu August mphepo imaulutsa fumbi la m'misewu ndi la milu ya dothi la ku migodi, ndipo sefa ya mpweya ikang'ambika, fumbilo limapala mapisitoni ngati sandipepala. Pamwamba pa izi pali umphawi: mwezi ukavuta, sevisi ndiyo imayamba kudumphidwa, ndipo oyilo amagulidwa wa m'botolo losadziwika kumene lachokera.

Pali chinthu chimodzi chimene chapha injini zambiri. Madalaivala ochuluka amakhulupirira kuti kanyali kofiira ka oyilo kadzawauza nthawi yothira wina. M'galimoto zambiri zakale kanyaliko sikayeza kuchuluka kwa oyilo ayi. Kamayaka pamene mphamvu yomukankhira ku zitsulo yatha. Kakayaka galimoto ikuyenda, kuwonongeka kwayamba kale, ndipo chanzeru ndi kupatuka n'kuzimitsa injini pomwepo, osati kuyesa kufika kunyumba.

Pamene cholakwa si cha mwini

Komabe si injini iliyonse imene imafa chifukwa cha kusasamala. Zina zimatuluka ku fakitale zili ndi chilema. Anthu a ku South Africa adaphunzira izi ndi moto. Mu January 2017, galimoto zambiri za Ford Kuga za injini ya malita 1.6 zitayaka m'misewu, kampani ya Ford idaitanitsa galimoto 4,556 kuti zikakonzedwe. Idafotokoza kuti madzi oziziritsa sankazungulira bwino, mutu wa injini unkatentha mpaka kung'aluka, ndipo oyilo ankadonthera pa zitsulo zamoto. Mu 2019 kampaniyo idagwirizana ndi bungwe la boma loteteza ogula la National Consumer Commission kuti ilipire chindapusa cha R35 miliyoni.

Zotere zidachitikanso kwina. Mu 2015 kampani ya Hyundai idaitanitsa galimoto za Sonata pafupifupi 470,000 ku America, chifukwa tizidutswa ta chitsulo totsalira popanga injini tinkatsekereza oyilo kuti asafike ku mabering'i. Nayo Toyota idavomera kuti injini zina za malita 2.4 zotchedwa 2AZ-FE, za m'galimoto monga Camry ndi RAV4 za cha m'ma 2007, zinkadya oyilo mopitirira muyeso chifukwa cha mapisitoni ndi mphete zake, ndipo idawonjezera nthawi yozikonza mwaulere.

Phunziro lowawa ndi lakuti makalata oitanitsa galimoto amafika msanga kwa amene adagula yatsopano. Ikamadzafika kwa mwini wachinayi ku Katlehong, kapena ikawoloka nyanja kuchokera ku Japan n'kuyamba kunyamula anthu ku Lilongwe kapena ku Chipata, nthawi yokonza mwaulere imakhala itatha, ndipo mwiniyo sadziwa n'komwe kuti chilemacho chidali chodziwika. Amangodzida yekha, kapena kuganizira mnansi wanjiru.

Lamulo lilipo. La ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa wogula katundu kwa wamalonda miyezi isanu ndi umodzi yoti ngati katunduyo ali ndi chilema amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Ntchito ya ku galaja imakhala ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Madandaulo amapita ku ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa. Koma chitetezochi sichifika kwa munthu amene wagula galimoto kwa mnzake pa msewu, pongopatsana ndalama m'manja, ndipo obwera ambiri amagula motero. Wopanda mapepala okwanira amaopanso kugogoda pa khomo la ofesi iliyonse. Apa ndi pamene alangizi a m'madera, atsogoleri a mipingo ndi a magulu othandizana pa maliro angathandize, pouza anthu awo kuti asanatulutse ndalama alembetse pangano, asunge malisiti, ndipo apite ndi makaniko wawo kukaona injini ikulizidwa ili yozizira. Safunsa adadya phula.

Kumene oyilo wakuda amathera

Oyilo amene sadapse naye ali ndi ulendo wake. M'mabwalo ena okonzera galimoto amamukhuthulira pansi kapena m'ngalande. Mvula ya chilimwe ikagwa amakokolokera mu mtsinje wa Natalspruit, umene umadutsa m'madambo a bango m'mphepete mwa Katlehong, kenaka madziwo amalowa mu Rietspruit, mu Klip, mpaka mu Vaal. M'njira monsemo muli ziweto zimene zimamwa ndi madimba amene amathiriridwa. Oyilo wogwira kale ntchito amakhala ndi zitsulo zapoizoni zimene sizichoka msanga m'nthaka. Kuyambira mu 1994, bungwe la ROSE Foundation, limene lidakhazikitsidwa ndi makampani opanga oyilo, limalimbikitsa kuti asonkhanitsidwe m'migolo n'kukayengedwanso.

Alimi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amamudziwa bwino oyilo ameneyu. Ena amapaka pa mitengo ya khola kuopa chiswe, ena amathira m'chimbudzi, ndipo ena amafika popaka pa zilonda za ng'ombe. Zilonda zimafuna mankhwala a alangizi a ziweto, ndipo chothiridwa pansi pafupi ndi chitsime chimabwerera mu mtsuko. Injini ya chigayo, ya pampu yothirira ndi ya thirakitala imatsata malamulo omwewo a galimoto ya ku Katlehong, ndipo imafa imfa yomweyo.

Njira ya kumudzi

December akayandikira, mabwalo a amakaniko amadzaza. Galimoto zimamangidwa katundu pamwamba, mabedi, njinga ndi mafiriji, kukonzekera ulendo wodzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, mpaka pa chipata cha Mwanza. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 1,700. Masamu ake ndi osavuta. Injini yodya lita imodzi pa makilomita 500 siidetsa nkhawa m'lokeshoni, poti mtunda umenewo umatenga masabata. Pa ulendo wa kumudzi, yolemedwa ndi katundu m'kutentha kwa chigwa cha Zambezi, imakhala itamwa malita oposa atatu isanafike ku Zobue. Galimoto zosiyidwa m'mbali mwa msewu umenewo, boneti ili yasa, zambiri zidanyamuka ku Joni zili kale ndi matenda.

Chida chopewera tsokali chimabwera ndi galimoto iliyonse yakale ndipo sichilira ndalama: kachitsulo koyezera oyilo. Galimoto iime pamalo osatsetsereka, injini izime kwa mphindi zingapo, kachitsuloko kasololedwe, kapukutidwe, kabwezedwe n'kusololedwanso. Pakati pa mizere yake iwiri nthawi zambiri pamakhala pafupifupi lita imodzi. Wochita izi sabata iliyonse, ndiponso pa malo aliwonse omwetsera mafuta akakhala pa ulendo wautali, n'kumalemba m'kabuku makilomita ndi oyilo amene wathira, amadziwa matenda a injini yake asanakule. Kabuku komweko kamasanduka umboni tsiku lokadandaula kwa wogulitsa.

Dzuwa likamapendeka ku Katlehong, mbaula zimayatsidwanso ndipo galimoto zimabwerera m'mipanda imodziimodzi. Pa geti lina dalaivala amangotseka zitseko n'kuthamangira kumoto. Pa lina, wina amayamba wadikira injini ipole, amatsegula boneti, amasolola kachitsulo n'kukayang'anitsitsa pa kuwala kwa foni, mwana wake atagwirizira kansanza pambali. Galimoto zonse ziwiri ndi zakale, ndipo zonse zimafuka utsi wabuluu m'mawa. Koma mmodzi yekha mwa eni akewo ndiye akudziwa kuti mu injini yake mwatsala oyilo wochuluka bwanji.