Mitengo Youma ya ku Portage

Mlendo wocokera ku Anchorage, m'cigawo ca Alaska, akafika ku Portage amaona mitengo youma ili ciimire m'dambo, yotuwa ngati mafupa. Kale pamalopa panali mudzi. Pa Lacisanu Loyera, pa 27 March 1964, civomezi ca mphamvu 9.2 cinatsitsa nthaka pafupifupi mamita 2. Madzi amcere a m'nyanja anasefukira napha mitengoyo, ndipo anthu anasamuka.

Codabwitsa n'cakuti dziko silinakhazikike tsiku lomwelo ai. Pansi pa khungu lake lolimba pali miyala yotentha imene imasuntha pang'onopang'ono ngati phula. Kwa zaka makumimakumi miyalayo yakhala ikutukula nthaka mwakacetecete, kotero kuti m'madera ena a ku Kenai nthaka yakweranso pafupifupi mita imodzi.